Puloti yotchipa ku Fairbanks, koma akuti pansi pake ndi ayisi: ndigule?

Nachisale (Fairbanks): Odi abale. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa zomangamanga. Lendi kuno yandifika pakhosi, ndiye ndapeza puloti m'chigwa cha Goldstream, kunja pang'ono kwa tauni ya Fairbanks ku Alaska. Mtengo wake ngotsika modabwitsa ukayerekeza ndi mapuloti a m'zitunda zoyandikana nayo. Pali kale kanyumba ka matabwa, kopanda madzi, chimbudzi chili panja. Ine maganizo anga ndi oti ndigwetse kameneko ndimange nyumba yeniyeni ya silabu, chimbudzi chogejemula m'nyumba momwemo, kuseri kadimba ka ndiwo zamasamba. Koma mnzanga wa kuntchito atangomva dzina la deralo wagwira pakamwa, akuti kumeneko ndi permafrost yokhayokha. Wogulitsa akuti musaope, anthu akukhala bwinobwino. Ndimvere ndani?

Madalitso (Joni): Achemwali, dziko lonse lapansili inu mwasankha kukalima dimba ku Alaska? Ndalamazo tumizani kumudzi mugule ku Njewa basi 😂

Bambo Mbewe (Area 25): Mayi Nachisale, asiyeni a Madalitso. Ine permafrost sindinaionepo, koma nthaka zovuta ndamangapo zambiri, m'madambo momwe. Lamulo ndi limodzi: kumbani mpaka mupeze yolimba, thirani miyala, musaumire simenti, waya akhale wokwanira, pamwamba ring'i bimu. Nyumba imagwa chifukwa cha kuumira kwa mwini wake.

Chikondi (Yakutsk): Bambo Mbewe, mundikhululukire, koma kuno nzeru imeneyo ndi imene imagwetsa nyumba. Ine ndikuphunzira za uinjiniya kuno ku Yakutsk, ku Russia, mzinda umene wonse wakhala pa nthaka yomweyi. Permafrost ndi nthaka imene yakhala youndana, pa 0°C kapena kutsikirapo, kwa zaka ziwiri zotsatizana kapena kuposerapo. Yambiri yakhala choncho zaka masauzande. Kapamwamba kokha ndi kamene kamasungunuka m'chilimwe, pena theka la mita, pena mamita awiri, kenako chisanu chikabwera kamaumanso. Pansi pa kameneko mpoundana chaka chonse. Mukamakumba kufuna yolimba muipeza msanga, yolimba moti piki imachita kudumpha. Koma chailimbitsa si mwala, ndi ayisi. Mukaikapo silabu, m'nyumba n'kumayatsa mbaula kuyambira September mpaka April, kutentha kumatsikira pansi pang'onopang'ono, ayisi amasungunuka, yolimba ija imasanduka matope. Ndipo nyumba simira mofanana. Imayamba pakati, pomwe pamatentha kwambiri, m'mbalimu muli chikhalire. Simenti yambiri siletsa zimenezo, imangoonjezera kulemera.

Bambo Mbewe (Area 25): Ngati vuto ndi madzi, si kukumba ngalande kuzungulira nyumba kuti azichoka?

Chikondi (Yakutsk): Madzi akachoka, malo amene munali ayisi amatsala opanda kanthu, bambo. M'dothi lina la fumbi, ngati la m'zigwa za ku Fairbanks, ayisi amatha kuposa dothi lenilenilo kuchuluka. Ndipo pali ayisi wina amene sanasakanikirane ndi dothi n'komwe, ali yekha, chikhoma chokhuthala mita imodzi kapena kuposa, cholowa pansi mamita angapo. Chimenecho chikasungunuka pansi pa ngodya ya nyumba, ngodyayo imalendewera m'malere. Ngalandeyo nayo ndi mdani, poti madzi oyenda amanyamula kutentha, amasungunula m'mene akudutsamo.

Kondwani (Leeds): Eee Goldstream! Ndinakhalako ndili pa sukulu ku University of Alaska Fairbanks, m'kanyumba kopanda madzi kofanana ndi kameneko. Achemwali, musanalipire munthu aliyense, pitani pa pulotiyo mukaone mitengo. Fairbanks si ngati kwa a Chikondi kumene pena paliponse mpoundana. Kumeneko ndi apa ulipo, apo palibe, ndipo mapuloti awiri oyang'anizana akhoza kusiyana. Ngati pali mitengo ya birch ndi aspen italiitali yoongoka, kawirikawiri pansi mpabwino. Ngati pali timitengo ta black spruce tating'onoting'ono, toonda, tina tapendekera uku tina uko, pansi ndere zokhuthala zoti ukaponda phazi limalowa, dziwani kuti ayisi ali pafupi. Mizu yake imalephera kulowa pansi, ndiye nthaka ikagwedezeka timitengoto timapendama. Chinanso, dzuwa kumeneko limadzera kummwera. Mtsetse woyang'ana kummwera umafunda, woyang'ana kumpoto ndi m'zigwa ndi momwe mumakhala permafrost. N'chifukwa chake a m'zitunda akudula.

Nachisale (Fairbanks): Mwangofotokoza puloti yanga yomwe, achimwene 😭 Timitengo toondato ndi tomwe tadzaza. Ine ndimati n'zabwino, sindivutika kugwetsa.

Kondwani (Leeds): Mukapitanso nyamulani kampira kakang'ono mukaike pansi m'kanyumbako, muone komwe kagubuduzikire. Tsegulani ndi kutseka zitseko zonse, mawindo omwe. Kenako gwadani musuzumire kunsi. Kathu kanali pa milu ya matabwa opingasana, ndipo chaka ndi chaka sinowo akasungunuka mwini nyumba amabwera ndi jeke ndi levulo, kukwawira kunsi, kunyamula ngodya imodzi, kulowetsa kathabwa, kutsitsa, kupita ngodya ina. Chitseko chimene chimakana kutseka m'March pofika June chimatseka bwinobwino. Kwa iye inali ntchito wamba ya pachaka.

Madalitso (Joni): Nyumba yochita kuinyamula ndi jeke? Abale, ndiye mumailipiriranso COF? 🤣

Bambo Mbewe (Area 25): Koma ndikuyamba kuimva. Zikufanana ndi dothi la makande la ku Chikwawa ndi Nsanje. Mvula ikagwa limafufuma, dzuwa likawala limang'ambika mpaka dzanja kulowa, khoma n'kuchita mng'alu kuyambira pa windo mpaka pansi. Kumene kuja timachotsa makande onse n'kuthira dothi lina, apo ayi timamanga silabu yokhuthala ya waya yoti nyumba iziyenda yonse pamodzi.

Chikondi (Yakutsk): Ndendende, kapamwamba kamene kamaundana ndi kusungunuka kamachita zomwezo. Madzi akaundana amakula ndi 9 pa 100 alionse, komanso dothi la fumbi limakoka madzi ena kuchokera pansi n'kupanga timizere ta ayisi, nthaka n'kutukuka. Kusiyana kwake n'koti makande amafufuma n'kubwerera, chaka chamawa chimodzimodzi. Permafrost ikasungunuka pansi pa nyumba yofunda sibwereranso, imangopitirira kutsika. Ndipo kuchotsa yonse ngati makande n'kosatheka m'malo ambiri. Pansi pa Yakutsk yapita mamita oposa 200, ku Prudhoe Bay kumpoto kwa Alaska pafupifupi mamita 600.

Ndiye m'kalasi amatiphunzitsa njira ziwiri zokha. Yoyamba: isunge youndana mpaka kalekale, nyumba isaikhudze. Yachiwiri: ilole isungunuke, kapena isungunule dala usanamange. Yachiwiriyi imatheka ngati pansi pali miyala ndi mchenga, chifukwa miyala imagwirana yokha, ayisi akachoka sitsika kwenikweni. Pakati pa tauni ya Fairbanks, m'mbali mwa mtsinje wa Chena, malo ambiri ndi a miyala yotereyi, n'chifukwa chake kumeneko mumaona nyumba za maziko wamba. M'dothi la fumbi lodzaza ayisi, ndi yoyamba basi.

Kuno mzinda wa anthu oposa 300,000 waima pa zipilala za konkire. Nyumba ya nsanjika zisanu, zisanu ndi zinayi, ukawerama umaona kuwala mbali inayo. Amaboola dzenje, kuthiramo phala la mchenga, kulowetsa chipilala, n'kudikira kuti ziundane pamodzi ndi nthaka. Pakati pa nthaka ndi nyumba amasiya mpata wa mita imodzi kapena kuposa kuti mphepo ya -40°C izidutsa. Chipilala chiyenera kulowa mu permafrost mozama kwambiri, chifukwa kapamwamba kaja kakamaundana kamachigwira n'kumachizula pang'onopang'ono chaka chilichonse.

Mayi a Tadala (Inuvik): Ndafika mochedwa, ndinali kuntchito. Achemwali Nachisale, kuno kumpoto kwa Canada n'chimodzimodzi, pafupifupi nyumba iliyonse ili m'mwamba. Zina pa zipilala zachitsulo, zakale pa mitengo, zina pa mulu wa miyala wokhuthala n'kuikapo miyendo yokhala ndi sikuluwu yoti uzipotokola nyumba ikapendama. Ndikuchenjezeni chimodzi chifukwa ife Amalawi ndimatidziwa: mukaona mpata kunsi kwa nyumba, mtima udzafuna kutsekapo ndi malata kapena matabwa musungiremo katundu, kapena poti pansi pakuzizira kumapazi. Musayerekeze. Mukatseka mwatsekera kutentha, ndipo mwayamba kusungunula maziko anu omwe. Ngati mukuopa agalu ndi ana, ikani waya wa sefa woti mphepo izidutsa. Kuzizira kwa kumapazi kumathetsedwa ndi zotchingira kutentha zokhuthala pansi pa matabwa opondapo. Ngakhale sinowo sitimulola kuunjikana m'mbali mwa nyumba, poti amafunditsa nthaka, chisanu chosafika pansi.

Nachisale (Fairbanks): Ndiye silabu yanga yafera pomwepo.

Chikondi (Yakutsk): Silabu imatheka, koma ndi ya anthu a ndalama. Amathira miyala yambiri, pamwamba zotchingira kutentha, kunsi n'kudutsitsa mapaipi otchedwa thermosyphon. Ndi paipi yotsekeka mbali zonse, mkati muli amoniya kapena mpweya wa carbon dioxide, mbali ina ili pansi pa nthaka ina yatulukira kunja. M'chisanu, kunja kukazizira kuposa pansi, zamkatizo zimaphwera kuchokera pansi, kukwera, kutaya kutentha kumwamba, n'kutsikanso zili madzi. Sifuna magetsi. M'chilimwe imangoima yokha. Mukapita ku Fox, pafupi ndi kwanuko, pali malo oonerapo paipi ya mafuta ya Trans-Alaska. Anaimaliza mu 1977, ndi yotalika makilomita 1,287, ndipo kuposa theka lake ili m'mwamba chifukwa mafuta ake ngofunda. Tizitsulo tomwe mudzaone pamwamba pa miyendo yake ndi timeneti. Njanji ya ku Lhasa ku Tibet, yomwe inatsegulidwa mu 2006, nayo anaikamo zomwezi.

Koma chodetsa nkhawa ku Fairbanks ndi china. Permafrost ya kumeneko ndi yofunda, nthawi zambiri digiri imodzi yokha kapena kuchepera pansi pa 0°C. Yathu kuno ili ndi kopumira, yanuyo ili m'mphepete. Kungokokolola ndere ndi kugwetsa mitengo n'kokwanira kuti iyambe kusungunuka, nyumba musanamange n'komwe. Asilikali amene ankalambula msewu wa Alaska Highway mu 1942 anakumana nazo: akakankha ndere ndi mathirakitala, pasanapite nthawi msewu wasanduka thope lomeza magalimoto, mpaka anayamba kuyala mitengo pamwamba pa nthaka osaikanda.

Bambo Mbewe (Area 25): Ndiye kuti kulambula puloti, chinthu choyamba chimene tonse timachita, kumeneko ndi mlandu. Chabwino. Nanga chimbudzi? Chifukwa sepitiki payokha sithetsa kanthu. Thanki imangosunga zolemera kuti ziwole, madzi amapita ku sokawe, ndipo sokawe imadalira kuti nthaka imwe. Nthaka youndana imwa bwanji?

Chikondi (Yakutsk): Simwa. Madzi amafika pa ayisi n'kuima, kenako amayenda cham'mbali m'kapamwamba kaja n'kukatulukira potsika, mwina pabwalo la aneba. Apo ayi amaundana m'paipi n'kubwerera m'nyumba. Ndipo madzi a kubafa ndi kukhitchini ngofunda, ndiye zaka zikamapita amadzikumbira dzenje, thanki n'kupendama, paipi n'kuthyoka polumikizira. Tizilombo towoletsa zonyansa natonso m'kuzizira timagwira ntchito mwaulesi kwambiri.

Kondwani (Leeds): N'chifukwa chake Goldstream yadzaza ndi tinyumba topanda madzi, ndipo okhalamo si amphawi onse ayi, ena ndi aphunzitsi a pa yunivesite. Chimbudzi chokumba, chosazama poti ayisi salola. Pokhalira amaikapo chithovu cha buluu chotchingira kutentha chija, choboola pakati, chifukwa pa -40°C kukhalira pulasitiki kapena thabwa ndi chilango. Ubwino wake m'chisanu sichinunkha ngakhale pang'ono, ntchentche palibe. Kuipa kwake, pepani akuluakulu, zonse zimaundana pomwe zagwera, n'kumakwera chosongoka, moti pofika February pamafunika ndodo yolimba yogwetsera. Madzi timakatunga m'zigubu, ena pa kasupe wa ku Fox, ena pa malo ogulitsira madzi oponya makobidi. Pansi pa sinki ndowa, ikadzaza ukataye kunja. Kusamba ku yunivesite kapena kochapira zovala. Ine ndinganene kuti gulani, musagwetse kanyumbako, khalanimo momwemo, ndalama ya lendi muzisunga.

Madalitso (Joni): Kukwera ndege zitatu kukafika ku America n'kukapezanso chigubu ndi chimbudzi chokumba. Ambuye atichitire chifundo 🙆🏾‍♂️

Mayi a Tadala (Inuvik): A Kondwani, inu munali mnyamata wosakwatira. Achemwaliwa ali ndi ana, amagwira ntchito ya mashifiti. Mwana watsegula m'mimba 2 koloko usiku, kunja mdima ndi -40°C, mukuti atani? Moyo umenewo umakoma poukamba.

Kuno ku Inuvik mapaipi a madzi ndi a zonyansa sakwiriridwa. Amayenda pamwamba pa nthaka m'mabokosi ataliatali otchingidwa bwino, otchedwa utilidor, kuchoka nyumba iyi kupita ina, ndipo pena umachita kukwera masitepe kuti uwoloke. Koma zimenezo ndi za tauni yonse, munthu payekha sangathe. M'midzi ing'onoing'ono ya kumpoto kuno, komanso ku Bethel kwanu ku Alaska komweko, nyumba zambiri zili ndi mathanki awiri, ina ya madzi abwino ina ya zonyansa. Galimoto ina imabwera kudzathira, ina kudzapopa. Kukachita chimphepo cha sinowo magalimoto osayenda, mumayamba kuwerenga kuti ndani wagejemula kangati. Ndipo kuli midzi ina ku Alaska mpaka lero anthu amadzithandizira mu ndowa yoikamo pulasitiki, n'kukataya kudziwe la zonyansa.

Nachisale (Fairbanks): Zimenezo ndimaziona kuchipatala, mayi. Kumene madzi ali ochita kuwerengera, m'beseni limodzi mumasamba m'manja banja lonse, ndipo matenda a pakhungu ndi a m'chifuwa mwa ana amachuluka. Ine ndowa ayi. Ndiye pa puloti ngati iyi, chogejemula chingatheke bwanji?

Chikondi (Yakutsk): Njira zilipo, zonse zolipira mwezi ndi mwezi. Ina ndi thanki yongosungira, yopanda sokawe, yotchingidwa bwino kuti isaundane komanso isafunditse nthaka, galimoto izibwera kudzapopa. Ina ndi kamakina koyeretsera kokhala pamwamba pa nthaka, m'bokosi lotchingidwa, kamene kamapopera mpweya m'madzimo kuti tizilombo tigwire ntchito, kenako kupha majeremusi, madzi n'kutuluka oyera ndithu. Ku Fairbanks komweko kuli opanga zimenezi, koma pamafunika pulani ya injiniya ndi chilolezo cha boma, ndipo magetsi akathima nthawi yaitali m'January muli pa mavuto. Ena amasankha chimbudzi cha kompositi m'nyumba, n'kutsala ndi madzi a kubafa okha oti aganizire. Paipi iliyonse yotuluka panja ikhale yotsetsereka bwino, madzi asamagone m'kati, ndipo ambiri amaikamo waya wotenthetsa.

Bambo Mbewe (Area 25): Nanga mjigo? Kuno timati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita 30.

Kondwani (Leeds): Ku Alaska lamulo ndi mafiti 100 pakati pa chitsime cha pakhomo ndi sepitiki, ndiye ndi mamita 30 omwewo, bambo. Koma mjigo woboola kudutsa mu permafrost umatha kuundana m'kati ngati suutenthetsa, ukautenthetsanso kwambiri ukusungunula mozungulira paipi. Komanso madzi a pansi m'madera angapo ozungulira Fairbanks ali ndi arsenic, poizoni wochokera m'miyala yomwe ija muli golide. Oyenera kuyezetsa musanamwe. Ambiri amangoika thanki yaikulu m'nyumba n'kumagula madzi.

Anti Nabanda (Zomba): Ine ndakhala ndikuwerenga chete. Za zipilala sindidziwa, ine ndinali mlangizi wa zaulimi. Koma mwana wanga Nachisale, waona chimene chikuchitika apa? Nyumba yako ikufuna nthaka ikhale youndana, pamthunzi, ndere osazikhudza. Dimba likufuna mitengo igwe, dzuwa lilowe, nthaka ifunde, uzithirira tsiku ndi tsiku. Chimbudzi nacho chikutulutsa madzi ofunda. Zitatu zonsezi pa puloti imodzi. Chimene ungachitire dimba ndi chimene chingagwetse nyumba. Puloti yake ndi yaikulu bwanji, ndipo yatsetserekera kuti?

Nachisale (Fairbanks): Ndi maekala awiri, anti. Yatsetsereka pang'ono kuloza kumtsinje, kanyumbako kali kumtunda.

Anti Nabanda (Zomba): Bola. Dimba lipite kumunsi, kutali ndi nyumba, madzi othirira asamayenderere kumaziko. Ndipo mbewu sizidya dzuwa lokha. Muzu ukakhala m'dothi lozizira sutha kukoka chakudya, makamaka fosifolasi, ngakhale feteleza uthire wochuluka bwanji. Masamba amachita kufiirira, mbewu n'kupinimbira. Manyowa nawo sawola msanga. Dothi la pansi pa ndere limakhalanso la asidi, lifuna laimu.

Kondwani (Leeds): Anti anena zoona, ndipo zinachitikapo pa munda wa kafukufuku wa boma ku Fairbanks, umene unayamba mu 1906, pomwe pano pali Georgeson Botanical Garden. Anagwetsa nkhalango, kulima bwinobwino zaka zoyamba. Kenako zikhoma za ayisi za pansi zinasungunuka, munda wina n'kusanduka zitunda ndi maenje moti makina olimira analephera kuyendamo. Ndiye musadabwe dimba lanu likadzayamba mabampu. Pa dimba si vuto lalikulu, mumangosalaza. Pansi pa nyumba ndiye maliro.

Amene ndinkawaona akukolola m'chigwamo sankalima pansi. Ankakhoma mabokosi a matabwa ofika m'mawondo, ena n'kuyala chithovu chija pansi pake kuti kuzizira kusakwere komanso kutentha kusatsike, n'kuthiramo dothi logula losakaniza kompositi. Ena matayala akale, poti chakuda chimakoka dzuwa. Pamwamba pulasitiki yoonekera mkati, n'kuboola pobzala. Madzi othirira amawasiya m'migolo padzuwa kaye, sathira ozizira. Mbande amafesera m'nyumba pa windo m'March ndi April, kuwokera kunja kumayambiriro kwa June. Kumapeto kwa August chisanu chabwera, ndipo m'chigwa chimafulumira kuposa m'zitunda chifukwa mpweya wozizira umatsikira kumunsi. Mpanda ukhale wautali kuposa munthu, apo ayi moose, chinyama chachikulu chonga mphalapala, idzadya kabichi yense usiku umodzi.

Madalitso (Joni): Koma ine ndinaona pa Facebook kabichi wa ku Alaska wamkulu woti anthu awiri kunyamula movutika. Ndiye mukuti nthaka yake ndi yovuta?

Chikondi (Yakutsk): Ameneyo ndi wa ku Palmer, achimwene, kummwera pafupi ndi Anchorage. Scott Robb anabweretsa wa makilogalamu 62.7 pa chionetsero cha Alaska State Fair mu 2012. Chigwa chimenecho chili ndi dothi labwino, permafrost si nkhani kumeneko. Chimene amafanana ndi Fairbanks ndi dzuwa: pa 21 June ku Fairbanks limakhala kumwamba pafupifupi maola 22.

Mayi a Tadala (Inuvik): Kuno limatha masiku 56 osalowa. Tili ndi greenhouse ya anthu onse, inali bwalo lakale la masewero a hockey, anaisintha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Aliyense amalipira kabokosi kake. Mukalowa m'July mumachita kuvula jekete, fungo la matimati lili guu, kunjaku udzudzu uli ng'waa. Dzuwa losalowalo lili ndi mbali ziwiri, achemwali. Kabichi, ndiwo zamasamba zotchedwa kale, karoti, nsawawa, letesi ndi mbatatesi zimakula mochititsa mantha. Koma mpiru, tchayinizi ndi sipinachi zimathamangira kuchita maluwa masamba asanakule, chifukwa usana wautali umaziuza kuti nthawi yobereka yakwana. Ine mpiru ndimathyola uli wanthete, n'kufesanso wina.

Nachisale (Fairbanks): Nanga nkhwani? Chifukwa kunena zoona dimba lonseli ndikufunira nkhwani wotendera.

Mayi a Tadala (Inuvik): 😂 Nkhwani mudya. Maungu sakonda dothi lozizira, ndiye muwayambitsire m'nyumba, muwaike m'bokosi pansi pa pulasitiki. Dzungu lenilenilo mwina silikhwima, koma masamba mupeza ambiri. Zukini, amene ndi mtundu wa maungu, amafulumira, ndipo masamba ake anthete amasadzulika bwinobwino. Therere ndi matimati, m'greenhouse mokha. Chimanga cha ufa iwalani.

Anti Nabanda (Zomba): Greenhouse yakeyo isagundane ndi nyumba, ndanena kale.

Bambo Mbewe (Area 25): Funso langa ndi ili. Njira yonseyi yadalira kuti pansi pakhale poundana mpaka kalekale. Ife kuno tikuona nyengo yasintha, mvula sikubweranso monga kale. Kumeneko sikukutentha? Munthu ukamanga pa ayisi, ngongole ya zaka 30, ayisiyo akudikira zaka 30?

Chikondi (Yakutsk): Funso limenelo ndi limene likusowetsa tulo aphunzitsi athu, bambo. Kumpoto kuno kukutentha mofulumira kuposa dziko lonse. Ayisi safunika kusungunuka kuti vuto liyambe: akangofunda kuchoka pa -3°C kufika pa -1°C, mphamvu yake yogwira chipilala yatsika kale kwambiri. Nyumba zina zakale kuno zili ndi ming'alu, ngakhale zambiri mwa izo chinaziononga ndi mapaipi otayira madzi kunsi kwake zaka ndi zaka osakonzedwa. Ku Norilsk, kuno ku Russia komwe, mu May 2020 thanki ya mafuta inang'ambika miyendo yake itatsika, matani pafupifupi 21,000 a dizilo n'kutayikira m'nthaka ndi m'mitsinje. Kampani inaloza chala permafrost, ofufuza a boma anapezanso zolakwika pa kamangidwe ndi kasamalidwe. Ku Alaska, anthu a m'mudzi wa Newtok anayamba kusamukira ku Mertarvik mu 2019, nthaka itasungunuka mtsinje wa Ninglick n'kumadya gombe. Ndiye womanga lero ku Goldstream amange nyumba yaing'ono, yopepuka, ya matabwa, pa miyendo yosinthika kapena pa felemu yachitsulo yoti nyumba iziyenda yonse pamodzi, yoti zikavuta mukhoza kuinyamula.

Kondwani (Leeds): Ndiye mwabwerera ku kanyumba kanga kaja 😎

Mayi a Tadala (Inuvik): Kanyumba kanu kopanda madzi ayi. Nyumba yaing'ono ya m'mwamba yokhala ndi mathanki m'kati, eya. Koma achemwali muwerengere zonse: miyala ya msewu wolowera, miyendo, thanki, kupopetsa, madzi ogula, mafuta otenthetsera poti m'chigwa mumazizira kuposa kumtunda. Mukaphatikiza mwina puloti ya m'chitunda ija yodula ndi imene ili yotchipa. Funsaninso a banki ndi a inshulansi musanasaine. Inshulansi wamba ya nyumba salipira nthaka ikatsika, ndipo tsiku lodzagulitsa, wogula naye adzaona timitengo tomweto.

Chikondi (Yakutsk): Ndipo mitengo imangopereka chithunzi. Chotsimikiza ndi kuboola. Itanani a makina aboole pomwe mukufuna kuika nyumba, mamita 10 kapena 15, osati dzenje limodzi lokha poti chikhoma cha ayisi mukhoza kuchiphonya ndi mita imodzi. Injiniya aone zotulukazo, ngati ndi miyala kapena fumbi, ayisi ngochuluka bwanji. Ku Fairbanks kuli Cold Climate Housing Research Center, ali ndi malangizo ambiri aulere a zomanga pa permafrost. Ku Fox kulinso ngalande ya pansi imene mainjiniya a asilikali anayamba kukumba mu 1963 kuti aphunzire nthakayi. Mpata wolowamo ukadzapezeka musauphonye, mudzaona zikhoma za ayisi ndi maso anu, mafupa a njati zakale ali m'khoma.

Nachisale (Fairbanks): Ndamulembera wogulitsa kuti ndikufuna kuboola kaye ndi ndalama zanga, ndipo zikapezeka zoipa ndibwezeredwe chikole. Wayankha kuti pali wina akufuna kulipira mawa osaboola.

Bambo Mbewe (Area 25): Musiyeni wina ameneyo agule. Mawu amenewo timawamva ngakhale ku Area 49 puloti ikakhala m'madzi.

Anti Nabanda (Zomba): Kaya ugula iyi kaya ina, mabokosi a ndiwo ukhoza kuyamba chaka chino pomwe ukuchita lendipo. Ndili ndi nthanga za maungu ndi mbewu ya bonongwe, wina akamabwera ndimupatsira.

Kondwani (Leeds): Anti, mbewu zolowa ku America zimafuna chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda, kapena chilolezo cha a zaulimi a kumeneko. Wonyamulayo akabisa m'sokosi n'kugwidwa pa eyapoti, alipira faindi ndipo nthangazo zitayidwa. Maungu ndi bonongwe amagulitsa konko m'timapaketi, asankhe zocha msanga.

Bambo Mbewe (Area 25): A Chikondi, miyendo ya sikuluwu ija mwanena ndi Mayi a Tadala, nditumizireni chithunzi chake ku inbox, chooneka bwino polumikizira ndi bimu. Ndili ndi kasitomala ku Nchalo akufuna kiyosiki ya matabwa pa makande.

Chikondi (Yakutsk): Kuno n'zipilala za konkire zokhazokha, bambo. Mayi a Tadala ndi amene ali nazo pafupi.

Mayi a Tadala (Inuvik): Ndijambula Loweruka, ya aneba ndi imene ikuoneka bwino. Mundiuze ngati mukufunanso muyeso wa mbale yachitsulo ya pansiyo, ndipita ndi tepi.